Chifundo Sichidziwa Kuyeza Njinga

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, pakhomo panga ku Manjawira sipasowa alendo. Makolo amabwera ndi ana awo kudzafunsa njira ya ku unamwino, ku uphunzitsi kapena ku upolisi, poti amandiona ndikuvala yunifolomu ya kuchipatala. Ndikati bwanji mwanayu aphunzire ntchito yangayi, amaseka mwaulemu. "Ija yosisita anthu ija? Kodi nayonso ili ndi sukulu?"

Ili nayo, ndipo ena amalephera mayeso ake. Pa satifiketi yanga analembapo rehabilitation technician, koma kuno amangoti wa mafizo. Ndimathandiza munthu amene thupi lake lasiya kuchita zomwe linkachita, kapena silinazichitepo chibadwire, kuti azikhala tsonga, azidya osatsamwa, azifika kuchimbudzi, ndipo zikatheka abwerere kusukulu kapena kumunda. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 1,556,670 a zaka 5 kupita m'tsogolo omwe ali ndi ulumali wamtundu wina, kutanthauza anthu oposa 10 pa 100 aliwonse. Kwathu kuno sindichita kuwasaka. Msewu wa M1 umatipatsa othyoka msana ndi oduka miyendo, makamaka chibwerere njinga zamoto za kabaza. BP yosayezetsa imatipatsa a sitiroko. Palinso ana omwe ubongo wawo unavulala chifukwa chochedwa kubadwa, chikasu cha ukhanda, matenda oumitsa khosi kapena malungo aakulu, ndi a khunyu omwe anagwera pamoto zala n'kumatirirana.

Tiyambe ndi njinga ya anthu aulumali, poti ndiyo imatchuka pa wailesi. Akuluakulu afika pabwalo, njinga zandandalikidwa, zonse za saizi imodzi, amayi aimba, zithunzi zajambulidwa, aliyense wabwerera kwawo mtima uli mbee. Ine ndimafika pakhomo paja patapita miyezi. Kawirikawiri ndimapeza njingayo ili pakona, tayala litaphwa, pampando atasanjikapo thumba la chimanga. Zikatero ndimapumako, chifukwa pena ndimapeza zoopsa kuposa apo: mwini wake akuikhaladi tsiku lonse, ndipo yamutulutsa chilonda.

Inu mukakhalitsa pa benchi ya kutchalitchi, thupi limakuuzani lokha kuti sunthani. Munthu wothyoka msana silimuuza, chifukwa kuyambira pamene anavulalapo kutsika mmunsi samva kanthu. Fupa la thako limapanikiza mnofu, magazi amaleka kufikapo, mnofuwo n'kuyamba kufa kuchokera mkati. Pakhungu lakuda ngati lathuli simuona kufiira kumene mabuku ambiri amanena. Mumaona kadera kothimbirira, kofunda ndi kolimba mukakakhudza. Wosaphunzira amati ndi litsiro, n'kukhulapo ndi mwala posamba. Pakatha masabata angapo pamatseguka dzenje lofika pafupa, ndipo zilonda zoterezi zimapha munthu amene ngozi ya galimoto inamusiya wamoyo.

N'chifukwa chake m'chikwama changa simusowa tepi. Ndimayeza m'chiuno kuti mpando usathine komanso usakule, popeza waukulu umapendeketsa munthu mpaka msana kupindika. Ndimayeza kuchokera kumbuyo kwa matako kufika kuseri kwa bondo, n'kusiya mpata wa zala ziwiri kapena zitatu kuti m'mphepete mwa mpando musadye mnofu. Popondetsa mapazi pakakwera kwambiri, kulemera konse kumathera pa mafupa awiri a matako aja. Khushoni si yokometsera, ndiyo imateteza moyo, ndipo mwini njinga ayenera kuphunzira kuweramira kutsogolo kapena m'mbali pafupipafupi kuti magazi abwerere. Ndikatha kuyeza munthu ndimayeza pakhomo. Kodi chitseko n'chachikulu bwanji? Njira ya kumjigo ndi yamchenga kapena yamiyala? Tayala likaphulika, wokonza njinga zakapalasa pamsika wa Manjawira angalipeze la saizi yake? Bungwe la WHO linatulutsa malangizo a kaperekedwe ka njingazi m'mayiko osauka mu 2008, ndipo mfundo yake ndi yomweyi: kuyeza, kusankha, kukonza kuti imukwane, kuphunzitsa, kenako kubwereranso kukaona. Wopereka mwachifundo chabe amachita gawo limodzi, lopereka.

Mbali ina imene palibe amaijambula ndi kadyedwe. Ndikafika pakhomo pa mwana wa cerebral palsy, uja khosi lake silinalimbe ndipo manja amakungika, sindiyamba ndi mafizo. Ndimapempha kuti aphike phala ndione. Mayi amamugoneka chagada pamiyendo, mutu utagwera kumbuyo, n'kumathira phala lamadzimadzi kukamwa.

"Amayi, akamadya amatsokomola?"

"Eee, adokotala, mpaka misozi. Chifuwanso sichimutha ameneyu, mwezi ndi mwezi tili kuchipatala."

Pakhosi pali njira ziwiri, ya chakudya ndi ya mpweya. Mutu ukagwera kumbuyo, ya mpweya imatseguka bwino, ndipo phala lamadzi limathamanga kuposa mmene mwanayo angamezere. Lina limalowa m'mapapo, ndiye chibayo chosatha chija. Mayiyo sanalakwe dala. Anapeza njira yoti chakudya chisatayike, ndipo palibe anamuonetsapo ina. Timamukhazika mwanayo tsonga, chiuno chitapindika, chibwano chitatsikako pang'ono. Phala likhale lolimbirako, la nsinjiro kuti limupatse mphamvu, sipuni ikhale yaing'ono, ndipo tidikire ameze tisanapereke ina. Kudya kumatenga nthawi yaitali kuposa kale, ndipo mayi amene ali ndi ana ena anayi ndi munda amadandaula, ndi zoona. Koma akaona kuti maulendo a kuchipatala achepa, sachitanso kuuzidwa.

Mpando womukhazikapo timaupanga ndi makatoni a kugolosale. Timawadula molingana ndi thupi la mwanayo, n'kuwamata angapoangapo ndi phala la ufa, mizere ya katoni imodzi ikupingasa ya inzake kuti ulimbe. Pamwamba timakuta ndi mapepala a matumba a simenti, kuuyanika padzuwa masiku angapo, n'kuupaka penti kuti malovu ndi mkodzo zisaulowe. Luso limeneli analikulitsa ndi Bevill Packer ku Zimbabwe, ndipo mpando wake ukauma bwino ngakhale munthu wamkulu amaukhala. Adani ake ndi mvula, chiswe ndi makoswe omwe amamva fungo la ufa, choncho sugona pakhonde. Wa sitiroko nayenso timamupangira chipangizo chake: timamukumbira mitengo iwiri ya bulugamu yopingasa kuseri kwa nyumba kuti aziphunzira kuponda atagwirira.

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Ine pakhomopo ndimakhalapo ola limodzi. Maola ena onse a mweziwo ndi a mayi, agogo kapena mlongo wake. Manja anga atakhala aluso chotani, ngati sindinaphunzitse gadiyani kutembenuza wodwala maola awiri aliwonse, kumunyamula osamukoka mkono wakufawo, kuwongola mfundo zisanaume, ndiye kuti ndangopita kukacheza. Ndipo kuphunzitsa munthu wotopa ndi luso lapalokha. Mayi uja mwina bambo a mwanayo anathawa atangoona kuti sakukhala tsonga. Apongozi akuti anachimwa ali woyembekezera, oyandikana nawo akunong'ona kuti pakhomopo anakhwimira geni. Ukaseka zikhulupirirozi, ulendo wotsatira upeza chitseko chotseka. Ukazivomera, mwana apita kwa sing'anga kukatemedwa mphini m'malo mwa kuchipatala. Kusukulu amatiphunzitsa kuyenda pakati pa ziwirizi: kufunsa, kumvetsera, kenako kufotokoza za ubongo m'Chichewa chomveka kwa agogo.

Zina zimafuna diso lofulumira basi. Mwana akabadwa ndi mapazi opindikira mkati, m'mera mpoyamba: akamangidwa chikhakha sabata ndi sabata ali wakhanda, mwa njira ya Ponseti, kenako n'kumavala nsapato zolumikizidwa ndi chitsulo, amakula akuyenda ngati wina aliyense. Akachedwa mpaka kuyendera m'mbali mwa phazi, pamafunika opaleshoni ngati imene amachita ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala chomwe chinatsegulidwa mu 2002. Wa khunyu akagwa, osamuika sipuni mkamwa, osamuthawa poopa kuti akupatsirani. Chotsani moto ndi zinthu zomuvulaza, akaleka kuphupha mumugoneke cham'mbali. Anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka ambiri anamva izi kudzera ku bungwe la Sue Ryder, lomwe lakhala likuyendera a khunyu, a mphumu ndi aulumali m'midzi mothandizana ndi anthu ongodzipereka.

Tsono sukulu zake zili kuti? Ma rehabilitation technician ambiri m'dziko muno anadzera ku Kachere, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pansi pa bungwe la MAP. Bungweli linayamba mu 1979 ndi dzina loti Malawi Against Polio. Poliyo atachepa, ntchito sinachepe, n'chifukwa chake lero ndi Malawi Against Physical Disabilities. Wophunzira ntchitoyi amaloweza mafupa, minofu ndi mitsempha, amaphunzira kakulidwe ka mwana, kapangidwe ka zipangizo ndi kagwiridwe ka ntchito m'midzi, ndipo nthawi yambiri amaithera m'mawodi akuyang'aniridwa. Akamaliza amalembetsa ku Medical Council of Malawi asanagwire wodwala payekha. Wofuna digiri ya physiotherapy apite ku KUHeS, komwe maphunzirowa anayamba mu 2010 idakali College of Medicine. Konseku amayang'ana Chingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi, choncho wa Fomu 3 amene akuthawa biology adziwe kuti akudzitsekera yekha.

Wokonda kalasi njira yake ndi ina. Amayamba wakhala mphunzitsi, kenako n'kupita ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, kukaphunzira Braille, chinenero chamanja kapena kaphunzitsidwe ka ana ovutika kugwira zinthu msanga. Catholic University, yomwe ili komweko, ili ndi digiri yake. Waluso la manja, uja amakonda macheka ndi chitsulo, aganizire zopanga miyendo yoikirira ndi zitsulo zolimbitsa miyendo. Ambiri odziwa ntchitoyi kuno anakaphunzira ku TATCOT, ku Moshi m'dziko la Tanzania. Ndipo womasulira chinenero chamanja amasowa kuchipatala, kukhoti ndi kupolisi komwe. Wofuna ayambe wacheza ndi a MANAD, bungwe la anthu osamva, chifukwa chinenero amaphunzira kwa eni ake.

Ndionjezepo ichi, poti anthu amasokoneza. Sukulu za ntchito zamanja monga ya ku Magomero ndi ya ku Lilongwe, zomwe anthu amazidziwa kuti ndi za bungwe la MACOHA, zimaphunzitsa anthu aulumali eni ake utelala, ukalipentala ndi zina zotero kuti azidziimira paokha. Koma si kuti munthu waulumali malire ake ndi makina osokera. Palibe amaphunzitsa bwino kukwera kamtunda ndi njinga, kapena kusamala chikhodzodzo utathyoka msana, kuposa amene amachita zimenezo tsiku ndi tsiku. Mnyamata amene wangotuluka m'chipatala, akukana kudya, amamvera ameneyo kuposa ine woyenda ndi miyendo iwiri.

Malamulo ndiye tili nawo. MACOHA inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971, dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, panabwera lamulo la 2012, ndipo la 2024 linasintha MACOHA kukhala MACODA. Zonsezi n'zabwino, koma lamulo silitembenuza wodwala usiku. Pamafunika munthu wophunzira, wolembedwa ntchito, wolipidwa, wokhala ndi mafuta a njinga yamoto kuti akafike kumidzi ya kutali ndi tala. Pamenepa sindikunamizani achinyamata: mipata ya m'boma imatuluka mwa apo ndi apo, ya m'mabungwe imatha pulojekiti ikatha, ndipo alipo anzathu omwe anakhala pakhomo ndi dipuloma kudikira. Ntchitoyonso ndi yogwira mkodzo, malovu ndi mafinya. Msana umapweteka ngati sunaphunzire kunyamula ndi mawondo. Mwana amene wamugwirira ntchito chaka chathunthu mwina angophunzira kudzutsa mutu basi, ndipo uyenera kukhala munthu woti zimenezo zikukwanire. Amene akufuna kudziyesa asadikire kalata ya kukoleji. Apemphe kwa alangizi a zaumoyo kapena gulu la makolo a ana aulumali m'dera lake kuti aziwaperekeza, aone ngati mtima ndi mphuno zake zingapirire.

Ena akumva kuti ku Joni ndi ku UK osamalira okalamba ndi aulumali akufunika, ndipo n'zoona kuti Amalawi ambiri akugwira ntchito imeneyi m'nyumba za anthu kumeneko, ena osaphunzira ngakhale katembenuzidwe ka wodwala. Izi zabala timasukulu ta m'tauni tolonjeza satifiketi ya "caregiver" pa masabata ochepa, chipinda chimodzi, bedi limodzi, wodwala wake chidole. Bambo, musanagulitse mbuzi, funsani zinthu zitatu. Pepala lawo analivomereza ndani, TEVETA, NCHE kapena Medical Council, ndipo angakuonetseni kalata yake? Ophunzira amakagwira odwala enieni kuchipatala chiti, kwa nthawi yaitali bwanji, akuyang'aniridwa ndi ndani? Omaliza chaka chatha ali kuti? Akayamba kuyankha za yunifolomu ndi mwambo wa graduation, tengani ndalama zanu mubwerere nazo ku Manjawira.