Mapu Osonyeza Njira ya Madzi m'Chigwa cha Shire

Mvula ikagwa pa denga la nyumba, madzi ena amatsikira kutsogolo, ena kuseri. Chimene chimawagawa ndi msana wa dengalo. Mapiri ndi zitunda zimagawanso madzi a mvula mwa njira yomweyo. Madzi ogwera mbali imodzi ya phiri amapita kumtsinje wina, ndipo ogwera mbali inayo amapita kumtsinje winanso. Dera lonse limene madzi ake amathera mumtsinje umodzi limatchedwa chigwa cha mtsinjewo, ndipo malire ake amadutsa pamwamba pa mapiri ndi zitunda.

Mtsinje wa Shire ndiwo waukulu m'dziko la Malawi. Umatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, nudutsa m'nyanja ya Malombe ndi ku Liwonde, mpaka kukathira mu Zambezi ku Mozambique. Utali wake ndi makilomita pafupifupi 400. Panjira umalandira madzi a mitsinje ina monga Ruo, umene umachokera kuphiri la Mulanje ndi kukumana ndi Shire ku Chiromo. Mu Zambezi, madzi a Shire amasakanikirana ndi madzi ochokera ku Zambia ndi ku Zimbabwe.

Akatswiri oyeza malo amajambula chigwa chimenechi pa mapu. Kale ankayenda pansi ndi zingwe ndi zida zina zoyezera. Masiku ano amagwiritsanso ntchito zithunzi za setilaiti, makina a GPS ndi kompyuta. Pa mapu awo amalembapo malire a mitundu itatu.

Malire oyamba ndi a chigwa chenichenicho. Malire amenewa amasonyeza kumene mitsinje imayambira, ndipo kumeneko mitengo iyenera kusamalidwa kwambiri. Mizu ya mitengo imagwira dothi ndi kuthandiza madzi kulowa pansi pang'onopang'ono. Mitengo ikadulidwa kumtunda, mvula imakokolola nthaka ndi kuitaya mumtsinje. Matope ndi zinyalala zikafika ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, kumene madzi a Shire amapukusa magetsi, makina amalephera kugwira bwino ntchito. Motero mtengo wodulidwa paphiri lakutali ungathe kuzimitsa nyale mumzinda wa Blantyre. N'chifukwa chake boma limaika malo ena, monga phiri la Mulanje, m'gulu la nkhalango zotetezedwa.

Malire achiwiri ndi a malo angozi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene madzi anasefukira kale, angathe kusefukiranso. Maboma a Chikwawa ndi Nsanje ali kumunsi kwa chigwa, pamalo otsika ndi athyathyathya, ndipo m'mwezi wa Januwale 2015 midzi yambiri kumeneko inamira. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy anabweretsa mvula yoopsa. Matope ndi miyala zinagumuka paphiri la Soche ku Blantyre ndi kukwirira nyumba za ku Chilobwe. Anthu mazanamazana anafa m'chigawo cha kummwera. Akatswiri amafunsa anthu achikulire a m'midzi pamene madzi anafika m'zaka za m'mbuyo, amayezanso kutsetsereka kwa mapiri, kenako amapaka malo oopsawo mtundu wapadera pa mapu. Mapu otere amathandiza posankha malo abwino omangapo nyumba, sukulu ndi zipatala, komanso kumene anthu angathawire madzi akayamba kukwera.

Malire achitatu ndi a minda ndi malo a anthu. M'midzi yambiri, malire a munda amadziwika ndi mtengo, chulu kapena kamtsinje. Koma mtengo umatha kudulidwa, ndipo kamtsinje kamasintha njira. Pamenepo mikangano imabuka. M'chaka cha 2016, nyumba ya malamulo ya Malawi inavomereza lamulo lolola anthu kulembetsa malo awo a makolo. Polembetsa, mwini malo, oyandikana naye ndi mafumu amagwirizana za malire, ndipo oyeza malo amawalemba pa mapu.

Phindu lalikulu limaoneka malire atatuwa akaikidwa pa mapu amodzi. Pamenepo zimadziwika msanga ngati munda walowa m'nkhalango yotetezedwa, kapena ngati nyumba yamangidwa m'njira ya madzi. Lamulo losamala chilengedwe limavuta kulitsata ngati anthu sakudziwa pamene malo otetezedwa ayambira ndi pamene athera. Ntchitoyi ilinso ndi zovuta zake. Banja limene lauzidwa kuti lichoke pamalo angozi limasiya munda wachonde ndi manda a makolo ake, choncho liyenera kupatsidwa malo ena abwino. Mapu amasonyeza pamene pali ngozi, ndipo mafumu, boma ndi eni malo ndiwo amakhala pansi kukambirana zoyenera kuchita.

Mafunso

1. Kodi chigwa cha mtsinje n'chiyani?
2. Tchulani mitundu itatu ya malire imene imalembedwa pa mapu.
3. Fotokozani mmene kudula mitengo kumtunda kumasokonezera magetsi.
4. Kodi mwambi wakuti "madzi saiwala khwawa" ukutanthauza chiyani m'nkhaniyi?
5. Pezani pa mapu mtsinje umene uli pafupi ndi kumene mukukhala. Kodi umayambira kuti, ndipo umakathira kuti?