Tindege Topanda Munthu M'kati: Zimene Banja Liyenera Kudziŵa

Masiku ano mumlengalenga mumauluka tindege tating'ono topanda munthu m'kati, totchedwa droni. Woyendetsa amaima pansi. M'chaka cha 2016 droni zinayesedwa ku Lilongwe ponyamula magazi a makanda okapimidwa kachilombo ka HIV. Mu 2017 Boma ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyeserako droni ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Droni zaperekapo mankhwala ku zipatala za kumidzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Ife a ku Mulanje, amene tinaona namondwe wa Freddy akudula misewu ndi milatho mu 2023, tikudziŵa kufunika kwa chithandizo chodzera kumwamba.

Komabe chida chabwino m'manja mwa munthu wosaphunzira chimabweretsa tsoka. Ichi ndicho chifukwa chake woyendetsa droni ayenera kuphunzira zinthu zitatu asanalandire chiphaso kwa akuluakulu oyang'anira za ndege. Inunso makolo zidziŵeni, pakuti droniyo imauluka pamwamba pa nyumba zanu.

Choyamba: Kupeŵa Ngozi

Mapiko a droni amazungulira mwaliŵiro kwambiri. Angathe kucheka chala kapena kuboola diso la mwana. Batire lake likaphwanyika kapena likatenthedwa limayaka moto. Choncho woyendetsa amayang'ana mapiko, batire ndi nyengo asanaulutse. Kuno nyengo siichedwa kusintha. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limatsitsa mphepo ndi nkhungu mwadzidzidzi. Pa nthaŵi ya chiperoni droni imazimirira m'maso, ndipo ingathe kugwera munthu.

Chachiŵiri: Malamulo a Mlengalenga

Mlengalenga muli malamulo monga pamsewu. M'maiko ambiri droni siloledwa kukwera kupitirira mamita 120, kuti isaombane ndi ndege zonyamula anthu. Siyenera kuyandikira bwalo la ndege monga la Chileka, ndipo iyenera kupatukira helikopita yonyamula odwala kapena chakudya. Isauluke pamwamba pa khamu la anthu, monga pamsika wa Chitakale, pasukulu kapena pamaliro. Isadumphenso malire a dziko pa Muloza popanda chilolezo.

Chachitatu: Kusunga Chinsinsi

Droni zambiri zili ndi kamera. Mabafa athu ambiri ndi a mpanda wopanda denga. Mayi amene akusamba, kapena wodwala amene ali pamzere ku chipatala, sayenera kujambulidwa iye asakudziŵa. Ndime 21 ya Malamulo Oyendetsera Dziko la Malaŵi a mu 1994 imateteza chinsinsi cha munthu aliyense, ndipo lamulo la mu 2024 limateteza mbiri yake yosungidwa m'makina. Woyendetsa waulemu amayamba wafika kwa a mfumu ndi kufotokoza chimene wadzera, ndiponso kumene zithunzizo zikupita.

Udindo wa Banja

1. Uzani ana kuti asagende droni ndi miyala kapena legeni. Mwina yanyamula mankhwala a mbale wawo.

2. Pamene droni ikutera, imani patali ndipo gwirani ana pamkono.

3. Droni ikagwa m'munda mwanu musaikhudze, ndipo musatsegule bokosi lake. Mungakhale magazi okapimidwa pamodzi ndi maina a odwala. Dziŵitsani a mfumu, a polisi kapena mlangizi wa zaumoyo.

4. Mwana akachekedwa ndi mapiko, tsukani bala ndi madzi oyera, mangani ndi nsalu yaukhondo, ndipo thamangani naye ku chipatala.

5. Mukaona munthu akuulutsa droni pafupi ndi nyumba zanu, m'funseni mwaulemu za chiphaso chake ndi amene wamutuma. Kufunsa si mwano.

Kumbukirani: droni ndi mthenga wa moyo pokhapokha woyendetsa wake ataphunzira, ndipo banja likudziŵa mbali yake.