Phazi la Mbale Wako M'manja Mwako

Kanayi pa chaka, m'mipingo ya Seventh-day Adventist ya m'boma la Mulanje, mapemphero a Sabata amaima kaye pakati. Ulaliki umakhala waufupi, kenako anthu amagawikana, abambo kwaokha ndi amayi kwaokha, ena m'kalasi, ena panja pamthunzi. Madikoni amakhala atatunga kale madzi m'ndowa, atayala mabeseni ndi mathaulo. Munthu amatembenukira mnzake ndi kumupempha motsitsa mawu kuti, “Achimwene, ndikusambitseni.” Wopemphedwayo amakhala pabenchi, kuvula nsapato, ndipo mnzake uja amagwada, kunyamula phazi lija ndi manja awiri, kulitsuka, kulipukuta, kenaka linalo. Akatha amasinthana malo, amapemphererana, nyimbo ikuyenda chapansipansi. Apo m'pamene amabwerera m'tchalitchi kukalandira Mgonero wa Ambuye, mkate wopanda chotupitsa ndi madzi a mphesa osaledzeretsa. Akatolika nawo ali ndi mwambo wofanana kamodzi pa chaka, pa Misa ya madzulo a Lachinayi Loyera, pamene wansembe amavula chovala chake chapamwamba, kumangirira thaulo m'chiuno ndi kugwada pamaso pa akhristu ake. Ndikufuna kunena kuti mwambo wa beseni ndi thaulowu ndiye muyeso weniweni wa umodzi wa mpingo, woposa kwaya yoimba bwino ndi yunifolomu yofanana, ndipo ku Mulanje tanthauzo lake limalemera kuposa kwina.

Tiyambe ndi phazi lenilenilo, chifukwa amene amaganiza za mwambowu ali mu ofesi amaiwala kuti mapazi safanana. Phazi la mayi wothyola tiyi layenda m'mame kuyambira mbandakucha, laterereka m'matope ofiira a m'mizere dengu lili kumsana, laima pamzere wa kusikelo mvula ya chiperoni ikuwaza. Lili ndi zikang'a kuchidendene, zikhadabo zake zada ndi dothi losachoka ngakhale utakhula ndi mwala. Phazi la mnyamata wa kabaza lauma ndi kupalasa, la gogo wolima nanazi m'mbali mwa phiri lili ndi zipsera za minga ndi miyala. Pomwepo pali phazi la mphunzitsi wamkulu, la kalaliki wa ku esiteti, la namwino, lomwe sabata yonse lakhala m'sokosi. Nkhope munthu amatha kuikonza, malaya a kutchalitchi amabwerekeka, koma phazi silinama: limaulula ntchito imene munthu amagwira ndi mtunda umene wayenda. N'chifukwa chake ambiri timalibisa. Mpingo umene ukuuza anthu ake kuti avule nsapato ukuwauza kuti abwere monga momwe alili, ndi umphawi wawo kapena kupeza kwawo poyera.

Boma la Mulanje linaphunzira kusanja anthu m'magulu kalekale. Kuchokera pamene Henry Brown anadzala tiyi ku Thornwood mu 1891, minda ikuluikulu inayala m'tsinde mwa phiri, ndipo Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique anakhazikika pamalo a azungu polipira ndi thukuta lawo, mchitidwe umene timaudziwa ndi dzina loti thangata. Thangata linatha, koma makwerero ake adakalipo: manejala pamwamba, makalaliki, akapitawo, kenako wothyola masamba amene malipiro ake amadalira kulemera kwa dengu. Mwana wokulira kukomboni amadziwa adakali wamng'ono amene ayenera kumuvulira chipewa ndi amene angamuitane ndi dzina. Anthu amenewa ndi omwewo amene amakhala benchi limodzi pa Sabata kapena Lamulungu. Kuimba nyimbo imodzi sikugwetsa makwerero aja, pakuti kapitawo ndi wantchito wake angathe kuimba mogwirizana mawu, wina osamuyang'ana mnzake. Koma kusambitsana mapazi sikuchitika patali, sikutumidwa mwana, ndipo sikulipiridwa ndi chopereka. Pamafunika anthu awiri, mmodzi pansi, wina pamwamba, ndipo posakhalitsa wapamwamba uja ndiye amatsika.

Kwathu kuno aliyense amadziwa mwini wa beseni. Nsima ikapsa, wogwada ndi madzi osamba m'manja amakhala mwana kapena mayi, ndipo woyamba kusamba ndi wamkulu kapena mlendo. Wophitsa madzi osamba ndi kukawaika kubafa si mwini mudzi ayi. Dongosolo limeneli lili ndi ubwino wake, chifukwa limaphunzitsa ulemu, koma limazoloweretsanso ena kutumikiridwa moyo wawo wonse osagwirapo ndowa. Nkhani ya mu Yohane chaputala 13, pomwe mwambowu unachokera, inadabwitsa ophunzira a Yesu pa chifukwa chomwecho: ntchito ya kapolo inagwiridwa ndi mphunzitsi. Ndipo tisaiwale kuti amene anavuta tsiku limenelo sanali wokana kugwada, koma Petro, wokana kusambitsidwa. Apa pali phunziro limene alaliki ambiri amalidumpha. Kudzichepetsa kuli mbali ziwiri. Kugwada n'kovuta kwa wolemekezeka, koma kutambasula phazi lako losweka kuti mphunzitsi wamkulu aligwire n'kovutanso kwambiri kwa wosauka, amene manyazi amamuuza kuti abwerere kumbuyo. Wina ayenera kugonjetsa kunyada, wina manyazi, ndipo zonse ziwirizi ndi mipanda yotchinga abale kuti asakumane.

Mphamvu ina ya mwambowu ili m'sabata imene imautsogolera. Kwa a Adventist, tsiku la Mgonero limalengezedwa pasadakhale kuti aliyense adzifufuze ndi kukonza zimene zinalakwika pakati pa iye ndi mnzake. Pa kalembera wa 2018, Mulanje inali ndi anthu oposa 680,000, pamalo pomwe gawo lalikulu ndi phiri ndi minda ya tiyi. Pamene malo achepa, mikangano siichedwa: malire a munda asunthidwa ndi mzere umodzi, mbuzi yadya nandolo za eni, mkamwini wakangana ndi eni mbumba, ngongole ya kubanki m'khonde sinabwezedwe. Milandu yotere imapita kwa anyakwawa, ndipo mfumu imatha kugamula, koma chigamulo sichichotsa mkwiyo. Anthu awiri angathe kutha chaka osalonjerana, uku akupemphera denga limodzi. Beseni limawaika pamphambano. Kodi ungatsuke bwanji phazi la munthu amene sukumulankhula? Kodi ungadye bwanji mkate umodzi ndi iye? Ena amazemba, amatulukira khomo lakumbuyo nthawi ya mwambo ikakwana, ndipo kuzemba kwawoko ndi umboni woti mwambowu uli ndi mano. Ena amalimba mtima Lachisanu madzulo, dzuwa lisanalowe, kukagogoda pakhomo ndi kunena kuti, “Achemwali, ndinakulakwirani, pepani.” Umodzi wa mpingo umamangidwa ndi maulendo afupiafupi oterewa.

Wina anganene kuti zonsezi ndi chionetsero cha mphindi khumi, Lolemba likafika kapitawo ndi kapitawo, wothyola ndi wothyola, sikelo ndi yomweyo. N'zoona kuti mwambo sukweza malipiro ndipo sugawa malo. Koma amene amanyoza mwambo chifukwa ndi waufupi sanaganizire mmene anthu timaphunzirira. Palibe anatiphunzitsa ulemu m'kalasi. Tinauphunzira pogwada mobwerezabwereza mpaka maondo anazolowera. Chimene thupi lachita kanayi pa chaka kwa zaka makumi awiri sichichoka msanga m'mutu. Munthu amene pa Sabata anagwira chidendene chong'ambika cha wantchito wake, nachiona ndi maso ake, akamadzamukalipira Lolemba amakhala akudziwa kuti akulalatira mbale. Angapitirizebe kulalata, koma sangathenso kunena kuti sakudziwa. Wantchito uja naye wamuona bwana atagwada, ndipo mantha ena amachoka osabweranso. Mwambo sukakamiza munthu kukhala wolungama, koma umamulanda chowiringula, ndipo umapatsa mpingo poyambira pomudzudzula.

Chitsutso cholemera kuposa chimenechi chimachokera m'mbiri yathu. Pali ena amati chiphunzitso cha kudzichepetsa ndi chimene chinagonetsa makolo athu tulo pa nthawi ya thangata, kuti wosauka anauzidwa kuweramitsa mutu pamene malo ake akutengedwa. Sitingakane kuti mawu oti kudzichepetsa anagwiritsidwapo ntchito motero, ndipo mpaka lero pali atsogoleri amene amauza mayi wozunzidwa kuti apirire basi. Koma funso ndi loti akugwada ndani, ndipo akugwadira yani. Kudzichepetsa kopondereza kumayenda njira imodzi, kuchokera pansi kupita pamwamba. Kwa beseni kumayamba ndi wamkulu. N'zochititsa chidwi kuti Joseph Booth, amene anathandiza kuti a Adventist atenge mishoni ya ku Makwasa m'boma la Thyolo mu 1902, yomwe inadzatchedwa Malamulo mu 1907, ndi yemwenso anabatiza John Chilembwe, wotsutsa nkhanza za m'maesiteti mu 1915. Chikhristu chimene chinafika kuno sichinali cha kugonjera kokha. Chinalinso ndi mbewu ya kufanana. Ku Roma nako mwambowu wakhala ukugwetsa mipanda. Mu 2013 Papa Francis anasambitsa mapazi a achinyamata a m'ndende ya Casal del Marmo, kuphatikizapo atsikana, ndipo mu 2016 Mpingo wa Katolika unasintha malangizo ake kuti osankhidwa pa Lachinayi Loyera asakhale amuna okha.

Pali cholakwa chimodzi chimene otsutsa amanena zoona, ndipo tiyenera kuchivomereza popanda kudzikhululukira. Nthawi zambiri anthu amasankha anzawo ozolowerana nawo: mphunzitsi amafuna mphunzitsi mnzake, mkulu wa mpingo amakodola mkulu mnzake, ndipo kumapeto kwa benchi kumatsala gogo wosamva bwino, mlendo wochokera kutsidya kwa Muloza, kapena mnyamata wonunkha thukuta amene wabwera wapansi. Zikatero, madzi atayika pachabe, chifukwa makwerero a ku esiteti alowa m'tchalitchi atavala thaulo. Mankhwala ake sikuthetsa mwambo koma kuubwezera mtima wake. Abusa ndi akulu a mpingo ndiwo ayenera kuyamba kufunafuna wotsalira, ndipo wansembe posankha anthu ake asangoyang'ana a m'makomiti ndi opereka zambiri. Za ukhondo, makamaka tikakumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, yankho lake n'losavuta ndipo lili m'manja mwa madikoni: madzi atsopano kwa munthu aliyense, mathaulo ochapa, ndi sopo wosambira m'manja anthu asanakhudze mkate. Chimene chimaipitsa mwambowu kwenikweni ndi tsankho la m'mtima.

Nanga mipingo imene ilibe mwambowu, monga CCAP, yomwe mizu yake ku Mulanje Mission inayamba ndi amishoni a ku Scotland cha m'ma 1890? Sindikunena kuti iwo alibe kudzichepetsa. Aliyense amene anaonapo amayi a Mvano atagona pansi m'nyumba ya maliro, akutunga madzi, akuphika ndi kuchezera ndi ofedwa usiku wonse, waona beseni lomwelo m'maonekedwe ena. Mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'phiri, mitsinje ngati Ruo ndi Muloza itasefukira, anthu oposa 1,000 anataya miyoyo m'dziko muno, ndipo Mulanje ndi Phalombe anali pakati pa maboma osautsidwa kwambiri. Masukulu ndi matchalitchi anasanduka misasa. Matope sanafunse kuti uyu amapemphera Loweruka kapena Lamulungu, ndipo amene anakumba, kunyamula ovulala ndi kugawana ufa wotsala sanafunsenso. Pa masiku ngati amenewo m'pamene timadziwa chimene mwambo unkakonzekeretsa. Chikhulupiriro cholimba sindicho mawu okweza a pamsonkhano wa chitsitsimutso, koma chizolowezi chosanyansidwa ndi thupi la mnzako pamene lili m'matope. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma dzanja limene silinazolowere kukhudza mnzake limachedwa moto ukayaka.

Choncho mpingo umene ukufuna kudziwa ngati ulidi umodzi usawerenge anthu a m'kaundula kapena matumba a simenti a tchalitchi chatsopano. Uyang'ane pa tsiku la Mgonero kuti ndani wagwadira yani, ndani watsala yekha nsapato zili m'manja, ndiponso ndani watulukira khomo lakumbuyo chifukwa cha mlandu wa malire umene sunathe. Atsogoleri akaona wotulukayo, amutsatire kwawo mkati mwa sabata, chifukwa pamenepo ndi pomwe pali bala la mpingo. Mwambo ukatha, dikoni amanyamula mabeseni kukataya madzi kuseri kwa tchalitchi. Madziwo amakhala ofiira ndi dothi la m'minda ya tiyi, fumbi la mumsewu wa ku Limbuli ndi matope a m'dimba, ndipo palibe angaloze kuti dothi ili ndi la kalaliki, ili ndi la wothyola masamba. Mbale amene wasambitsidwa amavala nsapato zake n'kubwerera kukhala pabenchi, pafupi ndi yemwe wamugwira phazi, kudikira kuti anyemerane mkate.