Kulemba Momveka ndi Kusindikiza Zofufuza za Maphunziro

Munthu wofuna kufufuza za maphunziro a ana a ku Yofu, pa chilumba cha Likoma, ayenera kudikira tsiku la Ilala, kuoloka nyanja, kukhala m'kalasi masabata angapo, ndi kufunsa aphunzitsi pamodzi ndi makolo. Koma thukuta lonseli lingathe kupita pachabe ngati zimene wapeza sazilemba momveka, pakuti palibe mkonzi amene angazilandire, ndipo aphunzitsi amene adamuthandiza sadzaziona konse. Popeza ambiri a ife timayang'anira sukulu m'maparishi, ndipo ena tikulemba zofufuza zotsirizira maphunziro, nkhaniyi ikutikhudza.

Likoma si malo achilendo pa ntchito yosindikiza. Amishoni a UMCA adakhazikika pachilumbachi m'chaka cha 1885, ndipo mu 1893 Chauncy Maples adayamba kutulutsa Nyasa News pa makina a pomwepo. Wansembe wina wa dayosizi ya Likoma, Yohana Barnaba Abdallah, amene ankatumikira ku Unangu kutsidya kwa nyanja, adasonkhanitsa mbiri ya Ayao kuchokera kwa akuluakulu, nailemba m'Chiyao. Meredith Sanderson adaikonza naimasulira m'Chingerezi, ndipo buku la Chiikala cha Wayao lidasindikizidwa ku Zomba mu 1919, kenaka ku London mu 1973. Akatswiri a mbiri akuligwiritsabe ntchito kaamba koti mwini wake adatchula anthu ndi malo mwatchutchutchu, adalemba m'chilankhulo cha eni nkhani, ndiponso adalola kuti munthu wina aike dzanja pa zolemba zake.

Chiyambi cha kulemba momveka ndi funso limodzi lokha. Mutu wonga "Mavuto a Maphunziro m'Malaŵi" ndi waukulu koti sungathe kunyamulidwa m'masamba makumi awiri. Tiyeni tione funso laling'ono. Ana a pa Likoma amalankhula Chinyanja cha kunyanja, chimene chimasiyana m'mau ena ndi Chichewa cha m'mabuku chimene boma lidachisankha kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968. Pamwamba pa izi, lamulo la maphunziro la 2013 lidati ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi. Tsono wofufuza angafunse kuti: mwa mau a m'buku lowerenga la Sitandade 1, ndi angati amene mwana wa ku Yofu amawamva asanawafotokozeredwe? Funso lotere lili ndi malire, lili ndi yankho, ndipo mphunzitsi angathe kuchita nalo kanthu.

Chachiwiri ndi dongosolo. Wowerenga amafuna kudziwa zinthu zinayi motsatana: funso lathu, njira imene tidatsata, zimene tidapeza, ndi tanthauzo lake. Tikatchula chiwerengero, titchulenso gwero lake. Kunena kuti theka la ana lidalephera sikuthandiza ngati sitinanene kuti anawo adali 12 kapena 200. Tisiyanitsenso zimene tidaona ndi maso ndi zimene tikungoganiza, ndipo tisabise pamene njira yathu idaperewera. Maina a ana asatuluke, ndipo chilolezo cha makolo, cha mphunzitsi wamkulu ndi cha komiti yoona za umunthu pa kafukufuku chipezeke ntchito isanayambe, pakuti akonzi ambiri amachifunsa.

Chachitatu ndi mau. Ife amene tidaphunzira filosofi timayesedwa kubisala kuseri kwa mau akuluakulu, poganiza kuti kuvuta kwa chiganizo ndiko kuzama kwa nzeru. Nthawi zambiri chiganizo chimasokonekera chifukwa wolembayo sanatsimikize chimene afuna kunena. Mankhwala ake ndi apafupi: tiwerenge mokweza zimene talemba pamaso pa mnzathu amene sadali nafe pa kafukufukuyo, ndipo pamene wakwinya nkhope, pomwepo tilembenso. Mutu umodzi susenza denga.

Tikafika pa kusindikiza, tiyambe tawerenga magazini imene tifuna kuitumizira, tione utali wa nkhani zake ndi malamulo ake. Nkhani ya mbiri ya sukulu ingapeze malo mu Society of Malawi Journal, imene idayamba mu 1948 ndi dzina la Nyasaland Journal. Ntchito yaitali yokhudza mipingo ingayenere buku, monga a Kachere Series a ku Zomba. Ndipo pa intaneti, African Journals Online imasonkhanitsa magazini ambiri a mu Africa. Mkonzi akalandira nkhani amaipereka kwa akatswiri, kawirikawiri awiri, amene maina awo wolemba sauzidwa. Pamapita miyezi, ndipo yankho lofala ndi lakuti nkhaniyo ikonzedwe. Limeneli si chipongwe. Tiyankhe mfundo iliyonse modekha, kusonyeza chimene tasintha ndi chifukwa chake pamene takana kusintha. Nkhani imodzi isatumizidwe kwa akonzi awiri nthawi imodzi. Tichenjerenso ndi magazini amene amalonjeza kusindikiza m'masiku ochepa atalandira ndalama, popanda wina woyesa nkhaniyo, pakuti amenewa amaononga dzina la wolemba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhani ikatuluka m'Chingerezi, ngongole imatsalabe. Amene adatipatsa nthawi yawo ndi aphunzitsi ndi makolo, ndipo ambiri a iwo magaziniyo sadzaigwira. Nchoyenera tsono kulemba masamba awiri m'chilankhulo chawo, kukweranso Ilala, ndi kukawawerengera pa msonkhano wa komiti ya sukulu. Ngati mayi wa ku Yofu amva zimene tidapeza za mwana wake, natha kutitsutsa pamene talakwitsa, pamenepo tingati talemba momveka.