Thoko kapena Thokozani? Dzina la pachiphaso si la pa WhatsApp

Boma lathu la Nkhotakota lili ndi mayina atatu. Atsamunda, lilime litawakanika, ankalemba kuti Kota Kota. Achinyamatafe tikamacheza pafoni timangoti KK, monga zilili pa nambala za galimoto. Koma mukapita kwa DC, chidindo chimati Nkhotakota, lonse lathunthu. Palibe amasokonezeka, poti aliyense amadziwa la macheza ndi la papepala.

Zikafika pa mwana wakhanda ndiye zimavuta. Anzanga ambiri amene ndinaphunzira nawo ayamba kubereka, ndipo mkangano womwe ndikuumva m'mabanja awo ndi umodzi. Makolo akuti, poti tizimuitana Thoko, bwanji osangolemba Thoko yemweyo? Agogo akuti ayi, mwanayu ndi Thokozani, zinazo ndi zanu za pa Facebook.

Ikuoneka ngati nkhani yocheza pakhonde, koma yankho lake mwanayo adzayenda nalo mpaka kukalamba. Ine ndili mbali ya agogo, ngakhale zifukwa zanga si zonse zofanana ndi zawo.

Choyamba n'chakuti mayina athu ambiri ndi mawu olankhula. Thokozani akulamula mudzi wonse kuti uthokoze. Tiyamike, Tiyanjane, Limbani, Kondwani, onsewa ndi uthenga womwe banja linkafuna kunena tsiku lomwe mwanayo anabwera. Chikumbutso amakumbutsa za wina amene anatisiya. Ukangodula, uthengawo wapita. Mada sakunena kalikonse, pomwe Madalitso akunena zonse. Chifu ndi ndani, Chifundo kapena Chifuniro? Yami ndi Yamikani kapena Tiyamike? Mzungu akafupikitsa William kukhala Bill sataya zambiri, chifukwa tanthauzo la William ngakhale eni akewo ambiri salidziwa. Ife tanthauzo timalimva nthawi iliyonse tikaitana.

Kunyanja kuno nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Chisilamu chinafika ku Nkhotakota ndi a Jumbe m'zaka za m'ma 1840, ndipo a Anglican anakhazika mishoni yawo m'zaka za m'ma 1890. Mayina a Chiarabu ndi a m'Baibulo akhala nafe nthawi yaitali, mpaka tinawaweta kukhala athu. Fatima anasanduka Patuma, Hassan ndi Asani, Hussein ndi Useni, Omar ndi Umali. Elizabeth timamuti Eliza, Emmanuel timamuti Manu. Dzina lotchuka la Abdul nalonso ndi theka chabe. Mashehe amafotokoza kuti limatanthauza "kapolo wa", ndipo limayenera kumalizidwa ndi limodzi mwa mayina a Mulungu, monga Abdul Rahman kapena Abdul Karim. Ndiye kholo la kuno lili ndi mafunso awiri: lalitali kapena lalifupi, komanso la kumzikiti kapena kutchalitchi, kapena lomwe timatchula pakhomo?

Makolo athu akale funsoli silinkawasowetsa tulo, chifukwa dzina silinali la muyaya. Mwana ankatchulidwa dzina mchombo ukagwa, potuluka m'chikuta, ndipo Asilamu amatcha pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Akakula n'kulowa chinamwali ankalandira dzina lina, moti kumuitana la paubwana kunali chipongwe. Mtsikana akakula ankalemekezedwa ndi la mfunda, Nabanda kapena Naphiri. Akabereka, basi ndi amake uje. Pitani padoko lililonse m'mawa mabwato akamakocheza ndi usipa, mumve momwe asodzi akuitanirana. Mwa mayina khumi, mwina awiri okha ndi omwe amayi awo anawapatsa. Munthu ankasintha dzina ngati malaya, ndipo palibe ankamufunsa umboni.

Pepala ndiye silisintha. Lamulo la kalembera la National Registration Act la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 August 2015, limati mwana aliyense alembetsedwe pasanathe masabata 6 chibadwireni. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau (NRB) linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo kuti alandire chitupa cha unzika. Kuchokera pamenepo chitupachi chalowa paliponse: kubanki, polembetsa simukhadi, pofunsira pasipoti, pogula feteleza wotsika mtengo, polembetsa mavoti. Kompyuta sidziwa kuti Chiku ndi Chikumbutso ndi munthu mmodzi. Kwa iyo amenewo ndi anthu awiri.

Nonse munakumanapo nazo pa Airtel Money kapena Mpamba. Mukufuna kutumizira mnzanu amene mwakhala mukumwa naye tiyi zaka zisanu, pafoni n'kutuluka dzina lomwe simunalimvepo chibadwire. Mumayamba mwaimba kaye: "Aise, dzina ili ndi lako?" Pamenepo timaseka. Koma pali pena pomwe sipasekedwa.

Msuweni wanga wina anakamulembetsa Sitandade 1 ndi agogo ake. Atafunsidwa dzina la mwana, gogoyo anatchula lomwe ankamuitana pakhomo, lachidule. Linayenda choncho kuchoka m'kaundula wa kalasi mpaka pa satifiketi ya Fomu 4. Pokatenga chitupa cha unzika, iye analemba dzina lake lonse la ubatizo, poganiza kuti tsopano wakula. Mavuto anabwera atapeza mwayi wa ntchito pakampani ina: mapepala awiri, mayina awiri. Anamuuza kuti abweretse kalata yolumbira yotsimikiza kuti ndi munthu mmodzi. Ndalama ya thiransipoti, ndalama ya kalatayo, masiku akupita. Pomwe ankabwerera ndi kalata, malo anali atapatsidwa wina. Panalibe amene anamuchitira nkhanza. Zilembo zochepa chabe ndi zomwe zinamudyera ntchito.

Zidziwitso zosintha dzina zomwe timaziona m'nyuzipepala zija si zaulere, ndipo zina mwa izo gwero lake ndi lomweli. M'mera mpoyamba.

Okonda mayina achidule nawo ali ndi mfundo, tisawanamizire. Amati dzina lalifupi silivuta kutchula, ngakhale mwanayo atadzapita ku Joni kapena ku Ulaya, ndipo limakwana bwino pafomu iliyonse. Amatinso mayina ena achidule anakhazikika kale paokha, monga Thoko kapena Eliza, moti palibe angadabwe kuwaona pachiphaso. Kunja akuchita zomwezo. Prince Harry wa ku Britain dzina lake lenileni ndi Henry, koma mwana wake wobadwa mu 2019 anangomutcha Archie, osati Archibald. Wachiwiri, wobadwa mu 2021, anamutcha Lilibet, dzina lomwe Mfumukazi Elizabeth ankaitanidwa nalo pakhomo ali mwana.

Zoona. Koma taonani anthu amene timawadziwa ndi mayina a macheza. Gabadinho, amene anagoletsa chigoli cha patali chija pokumana ndi Morocco ku Afcon mu January 2022, dzina lake ndi Hellings Frank Mhango. Tay Grin ndi Limbani Kalilani. Lawi ndi Francis Phiri. Mtsogoleri wa dziko la Brazil anabadwa Luiz Inácio da Silva, ndipo Lula linali dzina longomuitanira, mpaka analiwonjezera yekha mwalamulo mu 1982 ali munthu wamkulu. Onsewa dzina la papepala silinawaletse kutchuka ndi lina. 

Apa ndi pomwe pagona mfundo yanga. Dzina lachidule ndi laulere. Simufunika fomu, chidindo kapena mboni kuti Chisomo akhale Chiso. Lidzabwera lokha, mwina sabata yoyamba yomwe, mwina kuchokera kwa mkulu wake wa zaka ziwiri amene lilime silinawongoke. Koma lalitali mukapanda kulilemba lero, kudzalibweza n'kwa ndalama. Mukalemba Thokozani, mwana ali ndi mayina awiri oti asankhepo: Thoko kwa anzake, Thokozani pa kalata yofunsira ntchito. Mukalemba Thoko, mwamusankhira kale. Khanda lomwe mukuliti Bebi kapena Nunu lero lidzakhala ndi imvi, mwina lidzakhala mphunzitsi wamkulu, shehe, namwino kapena nyakwawa.

Si kuti dzina lomveka laling'ono ndi lonyozeka ayi. Kamuzu ndi kamuzu basi, muzu waung'ono, kukumbukira mankhwala omwe amayi ake analandira kuti aone mwana. Hastings analitenga pambuyo pake paubatizo. Lero bwalo la ndege, chipatala chachikulu cha ku Lilongwe ndi bwalo la mpira ku Blantyre zonse ndi Kamuzu. Dzinalo ndi lalifupi, koma ndi lathunthu ndipo lili ndi nkhani yake. Kufupika si vuto. Vuto ndi kudula pakati.

Palinso ena amene amathawira ku dzina lachidule chifukwa lalitalilo ndi lolemera. Azakhali apatsidwa ulemu wotcha dzina, ndiye atcha Mavuto, Tsoka kapena Maliro, potengera zomwe banja ladutsamo. Makolo, poopa kukhumudwitsa akuluakulu, amangoti tizimuitana lina. Kumeneko n'kubisa moto m'thumba. Ndi bwino kukhala nawo pansi azakhaliwo mwaulemu mwana asanabadwe, n'kugwirizana dzina lomwe inu simudzachita nalo manyazi kulilemba lonse.

Tsono ngati muli ndi pakati, kapena akazi anu ali m'chikuta, masabata 6 aja ndi okwanira kuganiza modekha. Liyeseni dzinalo m'malo atatu. Liitaneni mokuwa ngati mwana ali kunyanja ndipo kwada. Litchuleni lonse, ndi la bambo lomwe, ngati likuwerengedwa pa mwambo wolandira digiri. Kenako ikani "amake" kapena "bambo a" kutsogolo kwake, chifukwa kuyambira tsopano limenelo ndi dzina lanunso, ndipo mudzamveka nalo kuchigayo ndi kumaliro komwe.

Ganiziraninso momwe anzake adzalidulire, poti adzalidula ndithu. Takondwa ndi dzina lokoma kwabasi, koma dulani zilembo zinayi zoyambazo mumve zomwe ana a Sitandade 3 adzakhale akukuwa pabwalo. Si chifukwa cholisiyira, koma ndi bwino kuyamba inuyo kumuitana TK kapena Kondwa anzakewo asanayambe zawo.

Mukagwirizana, lembani dzinalo pa kapepala, chilembo ndi chilembo. Yusuf, Yusufu ndi Usufu kwa kompyuta ndi anthu atatu. Chimodzimodzi Mavuto ndi Mabvuto, Chifuniro ndi Chifunilo. Musanasayine fomu ya kalata ya kubadwa, werengani zomwe zalembedwa, osachita manyazi kupempha kuti akonze. Onani kuti dzina la pa kabuku ka kusikelo, la kutchalitchi kapena kumadrasa ndi la kusukulu ndi limodzi. Jambulani kalatayo pafoni, ndipo aliyense wokalembetsa mwanayo sukulu apite nayo, asakangotchula za pamtima. Ngati mayina onse awiri mukuwakonda, fomu ili ndi malo a mayina ena, lembani onse.

Agogo akamakana Thoko amateteza tanthauzo. Ine ndikuwonjezerapo za satifiketi, pasipoti ndi akaunti ya kubanki. Pakhomo muitaneni momwe mtima wanu ukufunira, Chiso, Mada, Tiya, ngakhale Kausipa. Koma papepala mupatseni dzina lonse, adzadule yekha akadzakula.