KUJAMBULA NDI KUKONZA ZITHUNZI: CHITHUNZI CHIKHALE MBONI YOONA

Sabata ndi sabata ku ofesi yathu kumafika zithunzi zochokera m'maparishi ndi m'miphakati: za ulimbitso, za maukwati, za makwaya, za amayi ali pa ntchito zachifundo, ngakhalenso za denga la tchalitchi limene lasasuka ndi mphepo. Tikuthokoza kwambiri akatekisiti ndi achinyamata amene amadzipereka pa ntchitoyi. Koma tiyenera kunena mosabisa kuti zambiri mwa zithunzizi timalephera kuzigwiritsa ntchito. Zina zimakhala zakuda bii, zina ngati mwalowa nkhungu, zina anthu ake ali kutali ngati nyerere. Masiku ano kwabweranso vuto lina: zithunzi zokonzedwa mopitirira muyeso, mpaka mayi amene timamudziwa bwino sitikumuzindikiranso.

Nchifukwa chake taganiza zofotokozako za luso limeneli. Mfundo yathu ndi imodzi. Chithunzi ndi mboni. Tiphunzire kujambula kuti mboniyo izilankhula momveka, ndipo tiphunzire kukonza zithunzi popanda kuinamizitsa mboniyo.

KODI KAMERA IMAONA BWANJI?

Achikulire akukumbukira makamera a filimu. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36, ndipo munthu ankapita nayo ku situdiyo kukatsukitsa, n'kudikira masiku asanadziwe ngati wajambula bwino. Kamera ya makono ilibe filimu. M'malo mwake muli kachipangizo kolandira kuwala kotchedwa sensor, kamene kamasandutsa kuwalako kukhala manambala.

Nzeru imeneyi idayamba m'chaka cha 1969 ndi akatswiri awiri a ku Bell Labs ku America, a Willard Boyle ndi a George Smith, amene adadzalandira mphotho ya Nobel mu 2009. Mu 1975 a Steven Sasson a ku kampani ya Kodak adapanga kamera yoyamba yopanda filimu. Inkalemera makilogalamu 3.6, inkajambula zakuda ndi zoyera zokha, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti.

Chithunzi cha makono chili ngati nsalu yolukidwa ndi mikanda. Mkanda uliwonse ndi kadontho kotchedwa pixel, kokhala ndi mtundu wakewake wochokera pa kusakaniza kufiira, kubiriwira ndi buluu. Timadontho 1 miliyoni ndiye megapixel imodzi. Kamera ya a Sasson inali ndi timadontho 10,000 tokha, pamene foni ya ma megapixel 12 ili ndi timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Ogulitsa mafoni amatamanda kwambiri manambala amenewa, koma kuti titsukitse chithunzi cha masentimita 10 kwa 15, ma megapixel 2 okha ndi okwanira. Tsono vuto la zithunzi zathu silikhala kuchepa kwa timadontho. Kawirikawiri vuto ndi kuwala.

KUWALA NDIYE MWINI NKHANI

Pali zinthu zitatu zimene zimalamulira kuwala kolowa m'kamera. Choyamba ndi kabowo ka m'diso la kamera, kotchedwa aperture, kamene kamakula ndi kuchepa ngati mwana wa diso lathu. Chachiwiri ndi shutter, imene ili ngati chikope: imatsekuka kanthawi n'kutsekekanso. Chachitatu ndi ISO, muyeso wa m'mene kamera ikukuzira kuwala kochepa kumene yalandira. ISO ikakwera kwambiri, chithunzi chimawala ndithu koma chimaoneka ngati mwawazidwa mchenga.

Matchalitchi athu ambiri m'kati mumakhala mdima pang'ono. Kamera ikaona mdima imasiya chikope chija chotsekula nthawi yotalikirapo, ndipo dzanja likangogwedera kapena wojambulidwa akasuntha, chithunzi chimasokonekera. Munthu woima chilili amajambulika bwino pa 1/60 ya sekondi, koma ana ovina pa mdipiti amafuna 1/250 kapena kufulumira kuposa apo. Choncho gwirani kamera ndi manja awiri, zigongono zikhale m'nthiti, tsamirani chipilala kapena khoma, ndipo jambulani zithunzi zingapo kuti musankhepo chimodzi. Musadalire flash. Ya kamera yaing'ono imafika mamita atatu okha kapena kuposerapo pang'ono, kotero kuiyatsa muli kumbuyo kwa tchalitchi kumangowalitsa nkhongo za anthu ndi kusokoneza mapemphero.

Pali vuto lina limene ife kuno timakumana nalo tsiku ndi tsiku. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse n'kufuna kuti zonse zikhale pakatikati, zosawala kwambiri ndi zosada kwambiri. Tsono ikaona zovala zoyera za ansembe, madiresi oyera a ana olandira Ukaristia koyamba, kapena zenera lowala kumbuyo kwa guwa, imaganiza kuti kwawala kwambiri n'kuchepetsa kuwala. Zotsatira zake nkhope zathu zakuda zimazimiririka, kungotsala maso ndi mano. Mankhwala ake ndi apafupi. Pa foni, gwirani ndi chala pa nkhope ya munthuyo musanajambule, kuti kamera iyeze kuwala pamenepo. Pa kamera, funani batani la chizindikiro cha + ndi - n'kuonjezera pang'ono. Koposa zonse, imani poti zenera kapena khomo likhale kumbuyo kwanu kapena pambali panu, osati kumbuyo kwa wojambulidwa.

Panja naponso pali msampha. Miyambo yathu yambiri imatha dzuwa lili paliwombo, nthawi imene kuwala kumagwa molunjika pamutu n'kusiya mithunzi m'maso, anthu atatsinzina. Atengereni pa mthunzi wa mtengo wa mango kapena pa khonde. Kuwala kwa m'mawa ndi kwa dzuwa litapendeka ndiko kumakometsa nkhope.

KUIKA ZINTHU M'MALO MWAKE

Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera ku una. Ojambula ambiri amaima kutali chifukwa cha manyazi, n'kumakoka chithunzi ndi zala pa foni. Pa mafoni ambiri kukoka kotereku kumangodula chithunzi ndi kufufumitsa timadontho totsala. Ndi bwino kusendera pafupi ndi miyendo, mwaulemu, mutagwirizana kale ndi bambo mfumu kapena otsogolera mwambo za malo amene mudzaime.

Musanajambule dzifunseni: kodi chithunzichi chikunena za yani? Ngati ndi za gogo amene akulandira chimanga, manja ndi nkhope ya gogoyo zidzaze chithunzi. Makamera ambiri amatha kuonetsa mizere inayi yogawa chithunzi m'zigawo zisanu ndi zinayi. Munthu akakhala pamene mizereyo yakumana, osati pakatikati nthawi zonse, chithunzi chimakoma. Yang'ananinso kumbuyo kwa munthuyo, kuopa kuti mtengo wa magetsi ungaoneke ngati wamera pamutu pake. Pojambula ana, gwadani kuti mulingane nawo. Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa, pakuti foni yokhala m'thumba imadzala mafuta ndi fumbi. Kenaka dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mphindi imene madzi a ubatizo akukhudza mutu wa mwana simachedwa kudutsa, ndipo amaipeza ndi amene adakonzekeratu.

Tisaiwalenso ulemu. Odwala, ofedwa ndi osauka si zinthu zoonetsa. Pemphani chilolezo, ndipo pa ana pemphani kwa makolo kapena owayang'anira, makamaka ngati chithunzicho chidzaikidwa pa intaneti.

KUKONZA CHITHUNZI

Ntchito imene kale inkachitika m'chipinda chamdima cha ku situdiyo tsopano imachitika pa kompyuta kapena pa foni. Pulogalamu yotchuka ndi Photoshop, imene idalembedwa ndi abale awiri, a Thomas ndi a John Knoll, ndipo kampani ya Adobe idayamba kuigulitsa mu 1990. Iyo ndi yolipira. Koma pali GIMP ya pa kompyuta, imene idatuluka mu 1996, ndi Snapseed ya pa foni, zomwe ndi zaulere ndipo n'zokwanira pa ntchito ya parishi.

Lamulo loyamba ndi ili: musakonze chithunzi chenichenicho. Chisungeni pachokha, ndipo mugwire ntchito pa kope yake. Zithunzi zambiri zimasungidwa m'njira yotchedwa JPEG, imene idakhazikitsidwa mu 1992. Njirayi imachepetsa kulemera kwa chithunzi potaya tinthu tina timene diso silitiona msanga. Nthawi iliyonse imene mwakonza ndi kusunganso, china chimatayika, monga m'mene pepala limafwifwira tikamajambula fotokope kuchokera ku fotokope inzake.

Tsatirani ndondomeko iyi. Poyamba wongolani chithunzi ngati chapendekeka. Kachiwiri dulani m'mbali mopanda ntchito. Kachitatu konzani kuwala, makamaka kuwalitsa pang'ono malo amthunzi kuti nkhope zioneke, osafika poti nsalu zoyera zisanduke chigamba chopanda makwinya. Kachinayi konzani mtundu. Mababu ena amachititsa chithunzi kuoneka chachikasu, ena chobiriwira. Yang'anani chinthu chimene mukudziwa kuti n'choyera, monga nsalu ya pa guwa, n'kusintha mpaka chiyere monga chinalili. Mukatero lekerani pomwepo. Mchere ukachuluka ndiwo sizidyeka.

Potumiza, dziwani kuti WhatsApp imachepetsa zithunzi kuti zisadye data yambiri. Ngati mukufuna kuti chithunzi chifike chathunthu, chitumizeni ngati document kapena pa imelo.

MALIRE OSADUMPHIKA

Zipangizo zomwezi zimatha kuchotsa munthu m'chithunzi, kuonjezera khamu, kapena kusintha nkhope. Pano ndi pamene pagona nkhani. Mu 2003 nyuzipepala ya Los Angeles Times idachotsa ntchito wojambula wake, a Brian Walski, chifukwa adalumikiza zithunzi ziwiri za nkhondo ya ku Iraq kuti zikhale chimodzi chochititsa chidwi. Mu 2006 bungwe lofalitsa nkhani la Reuters lidasiya kugwira ntchito ndi a Adnan Hajj ndi kuchotsa zithunzi zawo zonse, zitadziwika kuti adaonjezera utsi pa chithunzi cha mzinda wa Beirut utaphulitsidwa. Nkhondo inalipodi, utsi unalipodi, koma bodza laling'ono lidakayikitsa anthu ngakhale pa zoona.

Lero mapulogalamu a AI amatha kupeka chithunzi cha chinthu chimene sichidachitike n'komwe. M'mwezi wa Marichi 2023 anthu ambiri pa dziko lonse adakhulupirira chithunzi cha malemu Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma, pamene chidapangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney. Mu uthenga wawo wa Tsiku la Zofalitsa Nkhani wa 2024, Papayo adachenjeza za zithunzi zonamazi, natchula kuti iwonso zidawachitikira.

Mayesero amenewa ali pakhomo pathu pomwe. Komiti ikufuna thandizo la denga, ndipo wina akuti tionjezere ming'alu pa khoma kuti abwenzi akufuna kwabwino amve chisoni. Wapampando wakale adakangana ndi anzake, ndipo wina akuti timufufute pa chithunzi cha tsiku lotsekulira holo. Anthu adabwera ochepa, ndipo wina akuti tidzaze mabenchi. Zonsezi ndi umboni wonama, ngakhale pakamwa sipadatuluke mawu. Ndipo tsiku limene bodzalo lidzaululike, chithunzi choona cha parishi ina imene yavutikadi sichidzakhulupiridwanso.

Pali chinanso chotimvetsa chisoni. Mafoni ambiri ali ndi zosefera zimene zimayeretsa khungu ndi kusalaza nkhope. Kuwalitsa chithunzi kuti nkhope ioneke ndi chinthu china. Kusintha khungu la munthu ndi chinanso. Makwinya a katekisiti amene watumikira zaka 40 ndi mbiri yake, ndipo khungu la mwana wathu silifuna kupepesedwa. Zimitsani zoseferazo musanajambule.

Muyeso wathu ndi uwu: ngati munthu amene adalipo pa tsikulo ataona chithunzicho anganene kuti, inde, zinali chomwechi, ndiye kuti mwakonza bwino. Ngati mwapanga chikwangwani choitanira anthu ku mwambo polumikiza zithunzi zingapo, palibe cholakwa, malinga chizioneka poyera kuti ndi chokongoletsa chabe, osati nkhani.

MAWU OPEREKEZA NDI KUSUNGA

Chithunzi chopanda mawu ndi mlendo wopanda dzina. Potumiza lembani amene ali pa chithunzicho kuyambira kumanzere, malo, tsiku, mwambo wake, ndi dzina la wojambula. Sungani zithunzi m'malo awiri, pakuti foni imabedwa ndipo memory card imafa osatsazika. Zofunika kwambiri muzitsukitse ndi kuziika m'buku la parishi. Zaka 50 zikubwerazo, adzukulu athu adzadziwa nkhope za amene adaumba njerwa za tchalitchi chawo kudzera mwa inu.

Luso silibwera ndi kuwerenga kokha. Tikupempha akatekisiti kuti asonkhanitse achinyamata awiri kapena atatu amene ali ndi mafoni. Ajambule munthu mmodzi pa dzuwa, pa mthunzi, pafupi ndi zenera ndi m'kati mwa tchalitchi, kenaka akhale pansi n'kuyerekeza zithunzizo pamodzi. Akachita zimenezi milungu ingapo, mudzaona kusintha. Ndipo mukatitumizira, tumizani chimene mwakonza pamodzi ndi chenichenicho, kuti tonse tithandizane kusunga choona.