Tikumbukire Msilikali Chancy Chitete

M'mwezi wa Novembala Mpingo umapempherera abale athu omwalira. Pakati pawo tisaiwale Private Chancy Chitete, msilikali wachinyamata wa dziko lino amene anafera ku Democratic Republic of Congo.

Malemuwa anali m'gulu la asilikali osungitsa mtendere a bungwe la United Nations. Mu Novembala 2018, asilikali a Malawi ndi a Tanzania anapita kukathamangitsa zigawenga za ADF zomwe zinkapha anthu wamba m'dera la Beni. Nkhondo itafika povuta, Corporal Ali Khamis Omary wa ku Tanzania anawomberedwa nagwa pamtetete. A Chitete anatuluka pomwe anabisala namukokera pamalo otetezeka, koma ali mkati momupatsa chithandizo, chipolopolo chinawapeza. Omary anapulumuka.

Mu Meyi 2019, mlembi wamkulu wa bungweli, a António Guterres, anapereka kwa banja lofedwa mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Menduloyi imakumbutsa msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda mu 1994, ndipo imaperekedwa kwa okhawo oonetsa kulimba mtima kopambana.

Chotikhudza n'chakuti amene a Chitete anamufera sanali mbale wawo kapena wa mtundu wawo. Makatekisti, pophunzitsa za kukonda mnzathu, chitsanzo nachi cha mwana wa kwathu konkuno. Koma mendulo siyibweza mwamuna pakhomo. Choncho m'miphakati yathu tiziyendera amasiye a asilikali ndi kuwathandiza.

Mzimu wawo uwuse mumtendere.